Amake Moven ndi Pepala la Kusukulu

Ku Kanyama, kuseri kwa tchalitchi cha malata chimene chimasintha dzina abusa akasintha, kuli bwalo la zipinda khumi ndi zinayi zoyang'anizana, chimbudzi chimodzi, mpopi palibe. Chipinda chakumapeto, chimene madzi amayamba kuchezera mvula ikagwa, ndi cha mayi wina wokazinga zitumbuwa pakhomo. Pachitupa cha boma analembedwa kuti Virginia Daka, koma dzina limenelo pabwalopo palibe amalidziwa. Kwa zaka zoposa makumi atatu anthu ankawaitana amake Moven, ndipo eni akewo sankafuna lina. A lendi atsopano, amene pakhomopo ankangoona mtsikana mmodzi wa sukulu, ankalakwitsa n'kuitana kuti amake Angelina. Mayiwo sankakalipa. Ankangopitiriza kutembenuza zitumbuwa ngati woitanidwayo ndi munthu wina, mpaka woitanayo aphunzire yekha.

Movenyo ndiye palibe akanakuonetsani. Ndi mwana wawo woyamba, ndipo anachoka mu 2012 kupita ku Joni kukafuna ntchito. Chichokereni sanabwerere. Koma tiyambe ndi mayi ake, poti nkhaniyi ndi yawo.

Anabadwira ku Katete, ndipo sukulu anaisiyira mugiredi 3 pamene bambo awo anaona kuti mwana wamkazi wodziwa kulemba dzina lake wadziwa zokwanira. Ku Lusaka anabwera mu 1989 ndi amuna awo, a Edmond, amene ankapereka njerwa ndi matope kwa amisiri omanga. Mbali ya Kanyama imene anafikira inali miyala ndi udzu. Nyumba zinali patalipatali moti mayiwo ankalima repu ndi chimanga kuseri kwa chipinda, ndipo mwana akathawa kusamba unkamuona ali kutali. Lero pamene panali repu pali zipinda zitatu ndi kabala komwera mowa, ndipo njira yopita kotunga madzi inapanikizika mpaka anthu awiri onyamula zigubu sangadutsanemo. Anthu onsewo amake Moven anawaona akufika, ena ndi matiresi pamutu kuchokera kummawa konkuja, ena kuchokera kumigodi ntchito zitatha. Sanawawerengepo. Ankangoona kuti mzere wa kuchimbudzi mmawa ukutalika chaka ndi chaka.

Zitumbuwa anaziyamba ana ali aang'ono, ati zothandizira ndiwo, koma ndizo zinalera nyumba yonse. Amakanda ufa kusanawale bwinobwino, amakoleza mbaula, ndipo pamene ana a sukulu ndi anthu othamangira minibasi akudutsa, beseni limakhala litadzaza. Manja awo ali ndi timadontho tambirimbiri ta mafuta otentha, takale ndi tatsopano. Si munthu wa nkhani zambiri. Pabwalo pakabuka mkangano wa chingwe choyanikira zovala, iwo amangoyang'ana m'chiwaya.

Chiwerengero chimene ankasunga iwo chinali cha m'mimba mwawo mokha, ndipo chinkakhala m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati, pamene madzi safika. Munali makhadi a kusikelo asanu ndi limodzi, mwana aliyense khadi lake, kamzere ka kulemera kakukwera mwezi ndi mwezi monga anakajambulira anamwino. Makhadiwo anawamanga mitolo iwiri. Mtolo wina unali womanga ndi kansalu kakuda. Mmenemo munali khadi la Emelda, amene chikuku chinamutenga asanayambe kuyenda, ndi la Edwell, amene kolera ya mu 2018 inamupha m'masiku awiri okha, ali mnyamata wometa kale ndevu. Mtolo winawo unali womanga ndi mphira ya chubu cha njinga, ndipo unali wa amoyo: Moven pamwamba, kenako Sydney wowotcherera zitsulo, Tisa amene anakwatiwa ku Chawama, ndi mzime Angelina. Kuwerenga kwa mayiwa kunathera pamayina amenewa. Nyuzipepala inkawapita, koma M wa Moven akanamuzindikira ngakhale pachikwangwani cha basi yothamanga.

Moven anachoka ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Sukulu anamaliza, ntchito anaisaka mpaka nsapato zinatha, ndipo tsiku lina anabwera ndi nkhani yoti mnzake wamupezera malo palole yopita kumwera, yodzera pamalire a Chirundu. Pasipoti analibe, ati kumeneko anthu amadziwa njira zake. Mayi ake anakana kwamtuwagalu, koma a Edmond anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, mulekeni mwamuna akaone dziko. Anaimba foni katatu. Ulendo womaliza anati akugwira ntchito yomanga, kukuzizira kwambiri, ndipo akalandira atumiza bulangete. Kenako panambala ija panayamba kuyankha mayi wa m'makina wolankhula Chingerezi, ndipo patapita nthawi nayenso anasiya.

Zimene mayi amachita, anachita zonse. Anapita kwa abusa atatu, ndipo onse anamuona Moven m'masomphenya ali bwinobwino, wina anamuona mpaka atavala suti. Anafunsa madalaivala a malole, anatumiza chithunzi ndi aliyense wolowera kumwera. A Edmond anamwalira ndi chifuwa patatha zaka zinayi, osatchulanso za ana a ng'ona. Pamaliro pawo achibale a ku Katete ananong'oneza kuti mwina ndi bwino kulirira kumodzi bambo ndi mwana, nkhani ithe. Amake Moven anangowayang'ana mpaka iwowo anasintha nkhani okha. Kwa mayiwa kulira munthu wamoyo ndi kumuitanira imfa, choncho misozi ya Moven sanaigwetsepo ngakhale dontho limodzi, pagulu kapena paokha. Sydney atapeza nyumba ku Kabanana, kumtunda kosadikha madzi, anawachonderera chaka ndi chaka kuti asamukire kumeneko. Iwo ankati khomo limene mkulu wake akulidziwa ndi lino, nanga akadzafika n'kupeza nkhope zachilendo adzafunsa ndani? Motero dzinja lililonse ankakweza bedi panjerwa n'kumakapa madzi ndi mbale.

Angelina anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi pamene mlongo wakeyo ankachoka. Mu 2024 anali mugiredi 12, mtsikana wowonda, wapakamwa pakuthwa, wokonda phunziro la jogalafe kuposa chakudya. Akaweruka ankakhala pachigubu pafupi ndi mbaula n'kumawerenga mokweza, poti m'chipindamo mumakhala mdima ngakhale dzuwa lili paliwombo, ndipo mayi ake anaphunzira nawo mosafuna. Anamva kuti anthu a dziko amachuluka ndi kubadwa, amachepa ndi imfa, ndipo amasuntha ndi kusamuka. Anaseka nati ngati maphunziro ake ndi amenewo ndiye iwo anamaliza kalekale, poti zitatu zonsezo zinadutsa m'nyumba mwawo. Tsiku lina mtsikanayo anajambula pansi ndi khala chithunzi cha anthu a m'dziko monga mwa misinkhu yawo, ana pansi ambirimbiri, okalamba pamwamba owerengeka, amuna mbali iyi, akazi mbali iyo. Mayi ake anati umenewo ndi mulu wa tomato wa pamsika, ndipo iwo ayandikira kukhala tomato wapamwamba uja amene dzuwa limayamba kuwotcha. Masiku amenewo nkhani za kusukulu zinali zoseketsa.

Zinasiya kuseketsa mwezi wa Juni, pamene mphunzitsi wa jogalafe, a Mukuka, anatuma ana kuti aliyense akawerenge anthu a pabwalo pamene amakhala. Inali ntchito yopatsa malikisi, ndipo Angelina malikisi sankasewera nawo. Lamulo lake linali losavuta. Khomo lililonse alembe anthu amene anagona m'nyumbamo usiku wapitawo, zaka zawo, mwamuna kapena mkazi, ndipo pansi pake alembe amene anabadwa, amene anamwalira ndi amene anasamuka m'zaka zisanu zapitazo. Mtsikanayo anajambula mizere ndi rula n'kuyamba Loweruka mmawa. Ena anamulandira bwino, ena anafunsa ngati kukubwera ufa waulere, ndipo mayi wa chipinda chachitatu anamuthamangitsa ati kuwerenga ana a eni ndi kuwalodza. Pofika masana anali atapeza anthu 69 m'zipinda khumi ndi ziwiri. Chakwawo anachisiyira kumapeto, ndipo mayi ake, amene ankamuyang'ana cham'mbali, anaona kuti akuzengereza dala.

Anafika, nakhala pachigubu chake, nalemba mayina awiri, la mayi ake ndi lake. Kenako anatseka kope.

"Wamaliza?" anafunsa mayi ake. "Mlongo wako wamulemba pati?"

"Mami, ba ticha banakamba ati tilembe chabe bamene banagona mu nyumba."

"Ndiye mulembe kwa osamukawo."

"Kuja ni ba zaka faivi chabe. Ba Moven banayenda kudala, mu 2012, pepala siifika kuja."

Mayiwo anafunsa kuti nanga munthu wotere amamuika pati, poti kwa akufa sali. Angelina anati palibe pomuika. Iwo anati pepala la mizere yambirimbiri chonchi silingasowe mzere umodzi wa munthu wathunthu, amupanikize penapake, m'nyumba muno mbale yake ilimo. Za Edwell sanalimbane nazo ngakhale nayenso pepala silinkamufika, chifukwa Edwell ali ndi manda ake ku Chingwere, ndipo amadziwa pamene ali. Anakokana chonchi kwa kanthawi. Angelina anali atayenda chiyambire mmawa osadya, komanso anali atakula moyo wake wonse akugawana chipinda chimodzi ndi munthu amene kulibe, ndiye mawu anamupulumuka.

"Mami, pepala ifuna bantu ba mu nyumba, osati ba mu mutima. Ine na nkhope yabo siniikumbukila."

Zitumbuwa zinapserera m'chiwaya amake Moven akuziyang'ana, utsi n'kudzaza pakhomo, mpaka mnansi anachita kubwera kudzaphula. Anakwiya, inde, koma pansi pa mkwiyowo panali mantha.

Mantha ake anali awa. Kwa iwo pepala lililonse la mizere limene lalowa m'manja mwa munthu wa boma limakafika kuboma. Mapepala a mayeso amapita kumeneko, nanga ili lilekerenji? Ndipo ankakhulupirira kuti boma lili ndi buku limodzi lalikulu la anthu ake, ndipo amene sanalembedwe amafufutidwamo. Pamene owerenga anthu a boma ankayenda khomo ndi khomo mu 2022, iwo anali ku Katete kumaliro a mayi awo, ndipo amene anatsala pakhomo n'kuyankha mafunso anali Angelina yemweyu. Sanamufunsepo kuti anayankha chiyani, koma tsopano anadziwa. Ndiye kuti Moven wasiyidwa kawiri konse. Ankamuona Moven atafika pa Chirundu ndi chikwama chake, wotopa, bulangete lija lili m'khwapa, wapachipata akutsegula kompyuta n'kumuuza kuti m'Zambia mulibe munthu wotere, abwerere kumene wachokera. Musaseke. Mayi amene wadikira zaka khumi ndi ziwiri amakhala atalingalira njira zonse zimene mwana angalepherere kufika, ndipo iyi inali yatsopano, yochokera m'nyumba mwawo momwe.

Anavutika nazo sabata yathunthu. Kusekondale anali asanapondeko chilembetsereni mwanayo, poti malo olankhula Chingerezi ankawaopa kuposa chipatala. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Lachisanu mmawa, Angelina atachoka, anazimitsa mbaula, navala chitenje cha kutchalitchi, nasolola khadi la Moven pansi pa mphira, naliika m'kapulasitiki ka shuga, nalowa njira.

Mlonda wapageti anawalozera kachipinda kosungira mamapu, ndipo mmenemo anapeza a Mukuka, mwamuna wamng'ono thupi, wa kumpoto, choko mpaka m'tsitsi, amene m'kalasi mwake ana ankakhala atatu kapena anayi padesiki limodzi. Atamva za Angelina Daka anaimirira n'kupereka mpando wawo, nati ndi mwayi kuona amake Angelina. Mayiwo anati iwo ndi amake Moven. Mphunzitsiyo sanamvetse, anangovomera, poganiza kuti abwera kudzamva za maphunziro a mwana. Anawaonetsa khoma limene anamatapo zithunzi zimene ana anajambula, milu ya tomato ija yambirimbiri, bwalo lililonse mulu wake, nati cha Angelina ndicho choposa zonse. Kenako, poti mphunzitsi ndi mphunzitsi, anayamba kuphunzitsa. Anawalozera mbali ya amuna, chapakati, pamene mulu wa bwalo lawo unali wolowa ngati khoswe walumapo. Anati pamenepo ndi pa amuna a zaka za m'makumi awiri ndi za m'makumi atatu, ndipo mabwalo angapo amene ana ake anawerenga akuoneka chimodzimodzi, poti ena anapita kumigodi yatsopano, ena kunja, ena kumanda. Ankalankhula mokondwa, monga munthu amene wapeza chimene ankasaka. Amake Moven anayang'ana pamalo polumidwapo kwa nthawi yaitali.

Kenako anamasula kapulasitiki n'kuika khadi patebulo. Linali lachikasu ndi ukalamba, lomatidwa ndi selotepi popinda. Anafotokoza zonse, za lole, za foni katatu, za Chirundu ndi kompyuta, nati sanabwere kudzayambana ndi sukulu. Akungopempha kuti pepalalo lisanapite kuboma aphunzitsi awonjezepo munthu mmodzi, ndipo umboni wake ndi uwu. A Mukuka analandira khadilo ndi manja awiri, natsatira kamzere ndi chala kuyambira mu Epulo 1990. Kukondwa kuja kunawathera. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti pepala la Angelina silipita kulikonse. Iwo alichonga, alemba malikisi, n'kulitsekera m'kabati ili apoyo pamodzi ndi a chaka chatha. Pa Chirundu palibe adzaliwerenge, ndipo mwana wa m'Zambia akabwera kwawo palibe angamubweze chifukwa cha homuweki ya mlongo wake.

Mayiwo anachita manyazi, kenako mtima unatsika moti anatsala pang'ono kuseka. Akanadzuka pomwepo bwenzi tsikulo litatha bwino. Koma munthu akapeza wodziwa zinthu safuna kuchoka ndi funso m'kamwa.

"Aphunzitsi, inu munaphunzira za kuwerenga anthu. Kuno mwati mumawerenga amene agona m'nyumba. Nanga mwana wanga amamuwerenga ndani?"

A Mukuka anati dziko lililonse limawerenga amene lawapeza m'nyumba zake, choncho mwina kumwerako anamuwerenga. Mayiwo anawakumbutsa kuti anapita wopanda mapepala, ndipo munthu wotere akamva kuti a boma akugogoda amatulukira pawindo. Mphunzitsi wina akananama pamenepa, ndipo Mulungu akanamukhululukira. Uyu anayang'ana khadi, nayang'ana khoma.

"Mayo," anatero, kuwaitana mayi m'chinenero cha kwawo, "sinizakunamizani. Kapena kulibe bamene bamubelenga. Ni imwe chabe."

Ataona nkhope yawo anafulumira kunena kuti angathe kulemba dzinalo ndi pensulo kumunsi kwa pepala, ngati zingawapepuze mtima. Mayiwo anafunsa ngati kulembako kukhala kukutanthauza kuti ali moyo. Mphunzitsiyo anati ayi, kungotanthauza kuti mayi ake anabwera kudzanena. Iwo anathokoza, nabweza khadi m'kapulasitiki, natuluka belu la nthawi yopuma likulira. Pakati pa chinamtindi cha ana anamuona Angelina ataima ndi anzake, nayenso anawaona, koma palibe anaitana mnzake.

Njira yobwerera inatalika. Zaka zonsezi ankaganiza kuti akuthandizana ndi winawake kusunga Moven, kaya boma, kaya dziko lachilendolo, kuti penapake pali buku limene dzina lake likukhalamo ngakhale iwo atagona. Tsopano anadziwa kuti bukulo ndi iwo, mayi wa zaka 54 wodwala kuthamanga kwa magazi, ndi chitini cha mabisiketi. Iwo akadzapita ku Chingwere, mtsikana uja adzangotseka kope monga anachitira Loweruka lija. Zinawapweteka kwambiri, ndipo ululuwo anaukankhira pa Angelina, chifukwa ndi amene anali pafupi.

M'nyumba ya chipinda chimodzi anthu sangathawane, koma angathe kusalankhulana. Kwa miyezi isanu nkhani zawo zinali za madzi ndi makala basi. Angelina anasamutsa kuwerenga kwake n'kumakawerengera kwa mnzake, ndipo chigubu chija chinakhala chopanda munthu. Mayi ake anawasowa mawu a mwanayo a pafupi ndi mbaula, koma kunena sakananena. Mayeso anabwera, natha. Ndiye mtsikanayo anachita zimene ana onse a m'nyumbamo ankachita akamaliza kalasi: anasonkhanitsa mapepala ake akale n'kuwaponya m'katoni ya zokulungira. Pakhomo pamenepa zitumbuwa zakhala zikukulungidwa m'masamu ndi m'Chingerezi kuyambira nthawi ya Moven.

Linali tsiku lina mmawa mu Disembala, mvula yaikulu yoyamba itagwa, bwalo lonse lili thamanda. Mbaula anaikweza patebulo, wogula ataima panjerwa akudikira. Amake Moven anapisa m'katoni n'kusolola pepala, ndipo asanalipinde anaona mizere ya rula ija. Pamzere woyamba panali dzina lawo, pawachiwiri la Angelina. Pamzere wachitatu panali chibowo, pepala litaperepeseka ndi labala mpaka kung'ambika, koma m'mphepete mwa chibowocho munatsala miyendo ya M. Anasolola lina. Linali chimodzimodzi, mizere yojambulanso mwatsopano, dzina lolembedwa n'kufufutidwa. Pa lachitatu dzinalo linatsikira pansi kwa osamuka, ndipo kumenekonso linafufutidwa. Mapepalawo analipo asanu. Mzere wa akufa wokha, umene mtsikanayo anaujambula kamtanda pambali, unali woyera pa onse asanu, labala sanaukhudzepo. Mwana amene anati nkhope sakuikumbukira anali atalimbana ndi dzinalo kasanu, yekhayekha, osauza munthu.

Mayiwo anamukulungira wogula uja m'pepala lina, nalowa m'nyumba. Angelina anali atawerama akukapa madzi ndi mbale. Mayi ake anakhala pabedi, mapazi m'madzi, namutambasulira mapepalawo.

"Unamulemba," anatero.

Mtsikanayo anayang'ana mapepala, nayang'ana pansi. "Nenze kufuna, mami. Sininapeze poika."

Pamenepo ndi pamene amake Moven analira. Ankadziwa bwino lomwe zimene kulirako kukutanthauza, poti lamulolo anali ataliika okha n'kulisunga zaka khumi ndi ziwiri, koma sanathenso kuligwira. Analira mokweza, kulira kwa kwawo ku Katete, akutchula dzina la mwana, lole, bulangete, zonse. Angelina anataya mbale n'kuwagwira, nayenso akulira. Anansi anabwera akupalasa madzi, azimayi atamanga kale zitenje m'chiuno, nadzaza pakhomo. Mmodzi anafunsa motsitsa mawu ngati kwabwera uthenga, ngati pali maliro.

"Sitiziba," anayankha Angelina.

Masana ake mayiwo anatsitsa chitini. Khadi la Moven sanalibwezere pansi pa mphira. Kansalu kakuda anakagwira, nakayang'ana, nakasiya mmene kanalili. Khadilo analikulunga m'pepala lobowoka lija n'kuliika lokha pansi penipeni, mitolo iwiri ija pamwamba pake. Sydney atabwera Lamulungu ndi nyimbo yake ya chaka ndi chaka ya ku Kabanana, mayi ake sanatchule za khomo limene mkulu wake akulidziwa. Anangoti aone kaye mvula ithe. Sydney anayang'ana mlongo wake kuti amve ngati wamva bwino, ndipo Angelina anayang'ana kumbali.

Mu Januwale chipinda chachisanu chinalandira a lendi atsopano, banja laling'ono lochokera ku Chaisa, mkazi wake mtsikana ndithu, khanda kumsana. Mmawa wake woyamba makala anamukanira kuyaka, poti anali onyowa. Anaima pakhomo pake ndi kachitsulo kopalira moto, nayang'ana bwalo lonse, naona mbaula yoyaka kumapeto. Dzulo lake anali ataona mtsikana wa pakhomopo akutunga madzi, ndipo dzina lake anali atalimva.

"Amake Angelina, nipempako moto."

A lendi akale amene anali pamzere wa kuchimbudzi anadikira kuti mlendoyo aphunzire monga anaphunzirira anzake onse. Mayiwo anatembenuza chitumbuwa chimodzi. Anatembenuza chachiwiri. Kenako anadzutsa mutu.

"Ndamva, mwanangu. Bwera udzapale."

Mtsikanayo anadutsa panjerwa mosamala, napala makala atatu, nathokoza, nabwerera.